Masiku Awiri ku Paki, Anayi ku Msika

Che Binali anali munthu wosadziwa kukhala pansi. Ngakhale pamaliro, amuna anzawo atakhala pamthunzi n'kumayankhula motsitsa mawu, iwo ankapezeka atanyamuka kale, mwina akuwaza nkhuni, mwina akusuntha mpando womwe unali bwinobwino pomwe unalipo. Akazi awo, mayi Nafisa, ankati anakwatiwa ndi nkhuku yofuna poikira.

Anabadwira ku Senga Bay m'banja la asodzi, koma nyanja sinawagwire. Ali mnyamata, mwera unawapeza pakati pa madzi, bwato n'kufika kumtunda litamwa madzi theka. Onse anapulumuka, koma Binali anatsika n'kuyenda osacheuka, ndipo sanakwerenso bwato. Anapita ku Kasungu kukakhala tenanti pa esiteti ya fodya, anangokhalako dzinja limodzi. Anapita ku Joni, komwe anatsuka magalimoto ndi kusenza matumba a simenti, n'kubwerako patatha zaka zitatu ndi wailesi komanso jekete lachikopa lomwe ku Salima kotentha kuno silinavalidwepo n'kamodzi komwe. Anayesa geni ya usipa. Anayesa kuumba njerwa. Kenaka anapalasa kabaza pakati pa boma ndi Senga Bay mpaka bondo lakumanja linayamba kutupa.

Ntchito yomwe inawagwira inabwera atapitirira zaka makumi anayi. Khonsolo inali ndi kamalo kena m'mbali mwa nyanja, kopanikizika pakati pa mipanda ya maloji awiri, komwe anthu ankatayako zinyalala ndi mamba a nsomba. Akuluakulu ena anaganiza zoti pakhale paki, poti anthu wamba azipumirapo ndi kufikira kunyanja osalipira pageti la munthu. Analemba amuna atatu oti alambule. Che Binali anali mmodzi mwa iwo, ndipo amene ankawadziwa anabetcherana kuti mwezi sutha asanathawe.

Sanathawe. Zaka zitapita, mnzawo wina anapuma pantchito, wina anamwalira, ndipo khonsolo sinalembenso ena. Anatsala okha. Mwina chomwe chinawasunga n'chakuti pamalopo ntchito sinkatha. Ukamaliza kutchetcha uku, uko udzu wamera. Ukathamangitsa mbuzi kumtunda, kumunsi wina wathyola nthambi. Tsiku lonse linali loyenda, ndipo ankaweruka miyendo itakhuta.

Pakiyo sinali yoti n'kudabwitsa munthu wochokera ku Lilongwe. Panali mitengo ya nimu yomwe anabzala ndi manja awo, mtengo umodzi wa bwemba womwe anaupeza, mabenchi atatu a simenti, katungwe wa ana, mpopi wa madzi, ndi kanjira kotsetserekera kumchenga. Basi. Koma pa Idi ndi pa Khirisimasi pankasowa poponda. Akwati ankabwera kudzajambulitsa. Amayi ogula usipa ankasamba m'manja pampopi n'kukhala pamthunzi kudikira minibasi. Tsiku lina ana ena anabwera ndi bambo awo okalamba a ku Chitala, omwe anali asanaonepo nyanja chibadwire, ngakhale kwawoko sikunali kutali. Mkuluyo anakhala pabenchi maola awiri akuyang'ana nyanja, kenaka anapempha kuti amutungire madzi a m'nyanja m'botolo akaonetse akazi ake. Nkhani imeneyi Che Binali ankaikamba kwa aliyense woima nawo.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kapitawo wawo, a Martin, anafika pa njinga yamoto. Anaima pansi pa bwemba osavula chipewa, ndipo Che Binali anadziwa kuti pali nkhani.

"Mwaswera bwanji, Che Binali?"

"Ndaswera, bwana, kaya inu. Mwabwera nayo penti ija ya mabenchi?"

"Za penti iwalani," anatero a Martin. "Ndalama zomwe khonsolo imayembekeza sizinabwere zonse, pomwe zinthu zakwera mtengo. Akuti paliponse adulepo: kumsika, kumisewu, kotaya zinyalala. Tsono ena akufunsa kuti, zimbudzi za kumsika zitadzaza chonchi, paki idyerenji ndalama? Pali amene akuti idulidwe pang'ono ngati kwina konse. Pali amene akuti ingotsekedwa, malowa abwereketsedwe kwa mwini loji uyu akulitse pake."

"Abwereketsedwe? Nanga anthu azidzera pati popita kunyanja?"

"Ine ndangotumidwa, akulu. Msonkhano uliko Lachinayi sabata yamawa, kusukulu ya pulayimale. A khansala akufuna amve maganizo a anthu asanapite nazo kuboma."

Njinga itapita, Che Binali anatenga chitchetcho n'kuyamba kutchetcha pomwe anali atatchetcha kale m'mawa. Anasiya. Anatenga tsache, anasesa pang'ono, nalonso analisiya. Anazungulira paki yonse katatu, akugwira mtengo uliwonse ngati munthu woona ngati ziweto zake zalowa zonse m'khola.

Kuyambira mawa lake anayamba kuyendera anthu. Yohane, wojambula zithunzi za akwati, anavomera msanga kuti abwera kumsonkhano, poti pakiyo ndi pomwe ankapezera ya ndiwo. Asodzi a padoko anawaseka. "Ife kunyanja timalowera pano, Che Binali. Za maluwa ndi mabenchi n'za anthu okhuta." Amayi a usipa anati abwera ngati nsomba sizidzatuluka tsikulo. Shehe analonjeza kuti anena kumzikiti Lachisanu, ndipo ananenadi, koma mawu awiri okha, anthu atayamba kale kufunafuna nsapato zawo pakhomo.

Anatsala munthu mmodzi amene mawu ake ankalemera m'deralo: mayi Pauline, mlangizi wa zaumoyo. Chaka chija matenda a kolera anavuta m'mbali mwa nyanja, mayi Nafisa anadwala mwakayakaya. Anali mayi Pauline amene anafika panyumba, kuwayang'ana m'maso kamodzi, n'kuwamangirira pa kabaza ndi chitenje chawo chomwe, n'kuthamangira nawo kumatenti a odwala. Chiyambire pamenepo Che Binali akakumana nawo ankavula chipewa ndi manja awiri.

Anawapeza pasikelo ya ana, pansi pa mtengo wa mango, akupachika khanda lolira. Anadikira ali chiimire mpaka mzere unatha.

"Mayi, ndabwera ndi pempho. Lachinayi mukandiyankhulireko."

Mayi Pauline anapinda kabuku kawo n'kuwayang'ana. "Bambo Binali, sindikufuna kukunamizani. Ine ndikayankhula, koma osati mbali yanu. Mvula yatsala pang'ono kugwa. Zimbudzi za kumsika zadzaza, wosesa kulibe, mankhwala othira m'madzi akumwa atithera. Ndikakhala chete, Januwale tidzakhala tikumanganso matenti."

"Koma mitengo ija, mayi, zaka khumi ndi zinayi..."

"Mitengo siitsekula m'mimba, bambo. Anthu ndiwo amatsekula."

Che Binali anavala chipewa chotembenuza n'kumapita.

Kunyumba anapeza akazi awo akutembenuza usipa pathandala. Anawafotokozera zonse akuyendayenda, kuchoka pakhonde kufika pampanda, kubwereranso.

"Bambo a Zahra, takhalani pansi kaye, mukundichititsa chizungulire."

"Munthu amene ndimati andithandiza ndi amene akufuna kundithira mchenga m'maso!"

Mayi Nafisa sanasiye ntchito yawo. "Ine ndinagona m'matenti muja. Ndinaona anthu akutulutsidwa atakulungidwa m'mapepala akuda. Mmodzi anali mtsikana amene tinayandikana mabedi, anandipempha madzi m'mawa, masana kulibe. Mayi Pauline sakunama."

"Ndiye nanunso muli mbali yawo, amake Zahra?"

"Ine ndili mbali ya amene akhale ndi moyo. Koma sindinati paki aigulitse. Inu mukumva ngati nkhaniyi ndi imodzi, pomwe zilipo ziwiri."

Mawu amenewa sanawalowe nthawi yomweyo. Lolemba m'mawa, m'malo molunjika ku paki, miyendo inawatengera kumsika. Zaka zonsezi ankangodutsa kumaso, kogulitsa tomato ndi sopo. Ulendo uno anazungulira kuseri. Fungo linawalandira asanaone chilichonse. Zimbudzi zinali zinayi, ziwiri zopanda zitseko, zonse zodzaza mpaka pakamwa. Ntchentche zinkanyamuka pamenepo n'kukatera pa benchi la nsomba lomwe linali pafupi, poti n'kuponya mwala osalimba dzanja. Mayi wina anatuluka kuseri kwa khoma akukonza chitenje, mwana kumsana, anayang'ana uku ndi uku kufuna madzi, sanawapeze, anapukuta manja m'chitenje n'kubwerera kukagulitsa mandasi.

Che Binali anaima pamenepo nthawi yaitali kuposa momwe anaimirapo pamalo amodzi moyo wawo wonse. Kenaka chinthu chakale chija chinawadzukira m'miyendo, chomwe chinawapititsa ku Kasungu ndi ku Joni. Anakwera minibasi ya ku boma, kuboma n'kukwera ina ya ku Khombedza, komwe mng'ono wawo Muhammad anali ndi golosale ndi dimba. Njira yonse ankadziuza kuti zatha, aisiye okha ntchito asanawachotse pamaso pa gulu, akathandize mng'ono wawo kuthirira anyezi.

Muhammad anawalandira bwino, anawagulira tiyi, anamvetsera. "Achimwene, malo alipo. Bwerani ngakhale mawa. Kukalamba mukukangana ndi mbuzi za eni, phindu lake n'chiyani?"

Anawaperekeza kudimba kuti akaone. Linali dimba labwino, lozungulidwa ndi mpanda waminga, ndi kageti kotseka ndi loko. Muhammad akulimbana ndi lokoyo, Che Binali anafunsa, "Kodi muno mumalowa ndani?"

"Ine ndi apabanja panga. Winanso ndani?"

Anayendamo mizere iwiri, anayamikira anyezi, kenaka anati ayenera kubwerera dzuwa lisanapendeke, poti pali timitengo tina tomwe sanatithirire. Muhammad anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mwabwera ulendo wonsewu kudzamwa tiyi?"

Lachinayi kalasi inadzaza. Akuluakulu anadzipanikiza m'madesiki a ana, mawondo kufika pachifuwa. Amayi a usipa anabwera asanu. Yohane anabwera kamera ili m'khosi. Kutsogolo kunakhala a khansala, a Lawson, munthu wofatsa amene anali mphunzitsi kale, ndi a Martin pambali pawo. Che Binali anakana mpando, anaima kumbuyo pafupi ndi chitseko.

A Lawson anafotokoza mosabisa kuti chofunda chafupika, ukafunda kumutu mapazi ali pamtetete. Mayi Pauline anayankhula za zimbudzi ndi za mvula, mosakweza mawu. Kenaka anaimirira mwamuna wina wovala shati yoyera, wotumidwa ndi mwini loji. Anati abwana ake ndi okonzeka kusamalira malowo bwino kwambiri, kubzala kapinga watsopano, kuika magetsi, ndipo khonsolo izilandira kenakake chaka ndi chaka m'malo motaya.

"Anthu azilowa?" anafunsa mayi wina wa usipa.

"Azilowa ndithu, mayi. Pazingokhala kandalama kochepa pageti, kothandizira ukhondo."

Anthu anang'ung'udza. Wogulitsa nyama wina anaimirira n'kunena kuti iye sakuonapo vuto. "Kumsika atidula, kumisewu adula. Paki ndi mwana wa ndani kuti isakhudzidwe? Ine chibadwire sindinakhalepo pabenchi paja."

"Che Binali," anatero a Lawson, "inu ndinu mwini ntchito. Tiuzeni."

Mawu onse omwe anakonza sabata yathunthu anawathawa. Anayamba kuyenda m'kanjira ka pakati pa madesiki, chipewa m'manja, ndipo ena anayamba kuseka. Anafika kutsogolo, anatembenuka.

"Ine sukulu sindinapite patali," anatero. "Ndinabwera kuti ndidzakane zonse. Koma Lolemba ndinapita kuseri kwa msika. Mayi Pauline akunena zoona. Akulu a nyamawa akunenanso zoona, paki si mwana wa mfumu. Iduleni. Penti musagule. Kapinga aume, mvula ikagwa adzaphuka yekha. Ineyo nditengeni, masiku ena ndizikasesa kumsika, tsache ndi lomweli. Koma geti ayi. Kuyambira padoko mpaka uko kumapiri, tawerengani mipanda. Munthu wopanda kanthu m'thumba akafuna kungoiona nyanja, osati kugula nsomba, osati kuchapa, kungoiona, alowere pati? Njala imatha, bwana. Chaka chino chovuta chidzatha. Koma mpanda ukangomangidwa, ine sindinaonepo wogwetsedwa."

Anabwerera kuchitseko.

Mayi Pauline anakweza dzanja kachiwiri. "Pali chimodzi chomwe ndinaiwala. Mpopi wa ku paki musautseke. Mbali yonse ija ndi pokhapo pomwe ogula nsomba amasamba m'manja ndi madzi abwino. Ngati ndalama yake ikusowa, ichoke ku mbali ya zaumoyo." Anacheukira kumbuyo. "Katungwe n'kukankhana, bambo Binali."

Anakangana mpaka ana a sukulu ya masana anayamba kusuzumira m'mawindo kufuna kalasi yawo. Chomwe a Lawson anapita nacho kuboma, ndi chomwe chinabwerako patatha milungu itatu, sichinakondweretse aliyense kwathunthu. Paki inadulidwa limodzi ndi zina zonse, mwinanso kuposa. Panalibenso ya penti, ya mbande kapena yokonzera chilichonse chothyoka. Mpopi unatsala. Che Binali anapatsidwa masiku awiri ku paki, anayi ku msika. Za kubwereketsa malo sanavomere, koma sanakanenso. Anati adzaziunikanso chaka chamawa.

Zimbudzi anazipopa mvula isanagwe, ziwiri zija anaziika zitseko. Che Binali anaigwira ntchito ya kumsikayo ngati mmene ankagwirira ku paki, mpaka amayi a mandasi anayamba kudandaula kuti mkuluyu akuwalondalonda ndi ndowa ya madzi ndi sopo ngati ana. Wogulitsa nyama uja anakhala mnzawo, ankawasungira tsache m'shopu mwake. Dzinja limenelo anthu a kumsika amene anatsekula m'mimba analipo, koma matenti sanamangidwe. Mayi Pauline sananene kuti n'chifukwa cha zimbudzi. Ankati mwina ndi mwayi chabe, tione chaka china.

Ku paki zinthu zinabwerera m'mbuyo. Masiku awiri sanakwane. Udzu unakula kufika m'mawondo mu Febuluwale, mbuzi zinadya timitengo tonse tating'ono, ndipo wina anayamba kutayanso zinyalala pakona ya mpanda. Amayi a usipa anagwirizana zoti azisesa Lachitatu lililonse, anasesa mwezi umodzi, kenaka nsomba zinachuluka, anasiya. Tcheni cha katungwe chitaduka mbali imodzi, Che Binali anamasula mbali inayo okha, kuopa kuti mwana wina angathyoke msana, n'kukachisunga kunyumba pansi pa bedi. Yohane anayamba kujambula akwati chakumunsi, kumchenga, kuti zinyalala zisaoneke. Komabe pa Idi anthu anadzaza mpaka ena kukhala m'nthambi za bwemba.

Masiku a kumsika, ikakwana nthawi yopuma masana, Che Binali ankayenda wapansi kupita ku paki, kukathamangitsa mbuzi, kutola mapepala, n'kubwerera nthawi isanathe, bondo likuwawa. Anaonda. Mayi Nafisa anawauza kuti adzafera panjira pakati pa chimbudzi ndi mtengo wa nimu, ndipo anthu adzasowa kuti maliro awalire mbali iti.

Mu Juni, mphepo ya mwera ikuwomba, anafika ku paki masana n'kupeza amuna awiri achilendo ali ndi tepi yoyezera malo. Wina anali atagwira kumpanda wa loji, wina akuyenda chammbuyo kulowera kumpopi.

"Moni, mabwana. Mukuyeza chiyani?"

"Tangotumidwa, madala."

"Watuma ndani?"

"Kafunseni kuofesi."

Anawatsatira mpaka anamaliza, akuyang'anitsitsa pomwe ankakhoma tizikhomo. Atachoka, anaganiza zotizula, anagwira kamodzi, n'kukasiya. Mawa lake anapempha wogulitsa nyama kuti awayang'anire ndowa, anakwera minibasi ya ku boma. A Martin anati sakudziwapo kanthu, mwina ndi za ngalande ya msewu, mwina ayi. A Lawson anali atapita kumaliro ku Chitala. Mlembi wa paofesi anawauza kuti akhale pabenchi adikire amene amaona za malo. Anadikira ali chiimire mpaka ofesi inatsekedwa, ndipo mlembiyo potuluka anawauza kuti abwerenso Lachinayi.

Lachinayi Che Binali anabweranso kuofesiko, ali ndi mayi Pauline ndi amayi atatu a usipa.